Kubweza Nkhongole Popanda Kugoneka Ana ndi Njala

Mau a kwa Akristu a m'dera la Mfumu Mwape ndi mipingo yoyandikana nayo ya ku Nyimba ndi ku Petauke



Nkhani imene tabwera nayo lero ndi nkhani imene ambiri a ife sitikonda kuikamba pagulu. Za mvula timakamba momasuka. Za njobvu ndi anyani amene analowa m'munda timakamba. Za mtengo wa fataleza timakamba mpaka dzuwa kulowa. Koma wina akafunsa kuti, kodi pakhomo panu pali nkhongole zingati, aliyense amayang'ana pansi. Ife amene taima pano sitisiyana ndi inu. Nafenso tinakongola m'caka ca njala, ndipo ena a ife tikali kubweza. Tsono tiyeni tikambirane monga anthu a nyumba imodzi.

Mmene tinalowera m'nkhongole

Tonse tikumbukira mvula ya 2023 kufika 2024. Tinabzala bwino, cimanga cinamera, ndipo kumapeto kwa Januwale mvula inadula. Febuluwale yense dzuwa linaomba, cimanga cinauma cisanabereke. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga anaonongeka. Caka cimeneco Zambia yonse inakolola matani a cimanga okwana 1.5 miliyoni okha. Acikulire anati zafanana ndi cilala ca 1992, pamene tinadya cimanga cacikasu cocokera kunja.

Thandizo linabwera. Boma linaonjezera ndalama za Social Cash Transfer, linabweretsa nchito za Cash for Work, ndipo mipingo ndi mabungwe anagawa zimene anatha. Koma thandizo silinafike pakhomo liri lonse, ndipo pamene linafika silinakwane mpaka masika. Cotero tinagulitsa nkhuku, kenaka mbuzi, ena njinga. Zitatha izi tinayamba kukongola: kwa abale, kusitolo, kugulu losunga ndalama, pafoni, ndiponso kwa anthu a kaloba.

M'caka ca 2025 mvula inabwerera ndipo dziko linakolola matani opitirira 3.6 miliyoni. Njala inacoka m'nyumba zambiri, koma nkhongole zinatsala. Tiyenera kunena poyera kuti munthu amene anakongola kuti ana ake adye sanacimwe ndipo sayenera kucita manyazi. Funso la lero ndi lakuti, tidzaturukamo bwanji osabwezeranso banja m'njala?

M'buku laciwiri la Mafumu, mutu 4, muli nkhani ya mkazi wamasiye amene mwamuna wake anasiya nkhongole, ndipo mwini ndalama anafuna kutenga ana ake awiri. Mneneri Elisa anayamba ndi kumufunsa za cimene cinatsala m'nyumba mwake. Pamapeto pake anamuuza kuti agulitse mafuta, alipire nkhongole, ndipo zotsala zisunge iye ndi ana ake. Zinthu ziwirizi zinayendera pamodzi: nkhongole inalipidwa, ndipo ana anadya. Ndiyo njira imene tifuna kutsata.

Coyamba: lembani zonse

Tengani kope la sukulu, ngakhale lakale lotsala ndi masamba ocepa. Mwamuna ndi mkazi akhale pansi pamodzi madzulo, ana atagona. Ngati nonse simudziwa kulemba, itanani mwana wamkulu wosunga cinsinsi, kapena mtumiki amene mumkhulupirira. Pa nkhongole iri yonse lembani zinthu zinai: mwini wake ndani, munatenga zingati, tsopano zafika pa zingati, ndipo munapangana kubweza liti.

Musasiye ngakhale imodzi. Lembani sopo ndi saladi za kusitolo. Lembani tini ya cimanga imene munatapa kwa apongozi. Lembani mbeu ndi mankhwala a thonje, pakuti kampani idzadula ndalama zake pa tsiku logulitsa. Lembani ya pafoni, imene munaitenga usiku popanda munthu wokuonani.

Tidziwa kuti pano ndi pamene pabvuta. M'mabanja ambiri bambo ali ndi nkhongole imene mai saidziwa, ndipo mai ali ndi yake ya kugulu imene bambo saidziwa. Tsiku loulula limawawa, koma limawawa kamodzi. Nkhongole yobisika imaululika yokha tsiku limene mwini ndalama afika ndi ngolo kudzatenga cimanga, ndipo tsikulo ukwati umagwedezeka. Amene mwamva za nkhongole ya mnzanu, musayambe ndi kukalipa. Yambani ndi kuilemba.

Caciwiri: nkhongole sizifanana

Pali nkhongole imene imagona, ndipo pali nkhongole imene imabereka. Mlamu wanu akakubwerekani matumba awiri a cimanga, caka cikatha akali matumba awiri. Koma kaloba amabereka mwezi ndi mwezi.

Tiyeni tiwerenge pamodzi. Munthu atenga K500 kwa wa kaloba, pa pangano lakuti mwezi uli wonse aonjezerepo theka. Mwezi woyamba ukatha, nkhongole ndi K750. Akalephera, mwezi waciwiri ndi K1,125. Mwezi wacitatu yafika pafupi ndi K1,690. Kumbukirani kuti m'nyengo ya njala ija thumba la ufa woyera la makilogalamu 25 linapitirira K300 m'masitolo ambiri, cotero K500 ija sinagule ngakhale matumba awiri a ufa. Tsono m'caka ca 2025 bungwe la Food Reserve Agency linagula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa K340. Kuti munthu uja alipire K1,690 ayenera kugulitsa matumba asanu. Anadya zosakwana thumba limodzi, abweza matumba asanu.

Cifukwa cake lamulo lathu ndi ili: yambani ndi nkhongole imene ibereka msanga koposa zonse, ngakhale mwini wake sali kukubvutitsani. Kawirikawiri wa kaloba sacita phokoso, pakuti kucedwa kwanu ndiko phindu lake. Amene acita phokoso ndi wa sitolo wa K80. Mpatseni kanthu wa sitoloyo ndi mau abwino, koma mphamvu zanu zonse zipite pa imene ibereka. Ikatha imeneyo, ndalama imene munali kuiponya kumeneko muisamutsire pa yotsatira.

Ndiponso musatenge nkhongole yatsopano yobereka kuti mulipire yakale. Kucita tero ndi kukumba dzenje kuti mufotsere dzenje lina. Kusintha kumaloledwa pokhapo ngati yatsopanoyo ndi yopepuka koposa yakale, monga pamene mbale akubwerekani popanda ciwongoladzanja kuti muthane ndi kaloba.

Cacitatu: patulani cakudya musanalipire munthu ali yense

Ambiri a ife timalakwa pa mwezi wa Meyi ndi Juni. Nkhokwe ikadzala timaona ngati cimanga sicidzatha, ndipo timagulitsa cambiri kuti ticotse manyazi msanga. Pofika Disembala tiri kugula cimanga comweco pa mtengo wokwera, ndipo tabwerera kwa wa kaloba. Nkhongole yolipidwa ndi cakudya ca ana sinalipidwe, yangosamukira ku miyezi ya mvula.

Yesani mwezi umodzi: werengani mameda kapena matini amene apita kucigayo. Mukatero mudzadziwa cimanga cimene banja lanu lidya pa caka, kucokera pa kukolola kufika pa kukolola kwina.

Tiyerekeze banja la anthu asanu ndi awiri limene lidya thumba limodzi ndi theka pa mwezi. Manambalawa ndi a citsanzo cabe, inu muikepo anu. Banjali lakolola matumba 32. Lipatula matumba 18 a cakudya ca caka conse. Libweza matumba 2 kwa mlamu. Lipatula matumba 2 a maliro, alendo ndi copereka ca masika. Atsala matumba 10 ogulitsa, amene pa K340 apereka K3,400. Nshawa zipereka K1,200, ndipo mbuzi ziwiri zipereka K1,000. Ndalama zonse za caka ndi K5,600.

Nkhongole za ndalama ziri motere: kaloba K1,125, gulu losunga ndalama K1,100, sitolo K350. Zonse pamodzi K2,575.

Zofunika zimene banja silingazipewe ziri motere: K400 ya copereka ca mlimi pa fataleza wa FISP, monga zinaliri m'nyengo ya 2024 kufika 2025 kwa amene anali m'kaundula, K300 ya matumba ndi mankhwala osungira cimanga, K150 pa mwezi ya cigayo, mcere, sopo ndi macisi, imene pa caka ndi K1,800, K500 ya yunifomu, makope ndi nsapato za ana a sukulu, K400 yosungira matenda. Zonse pamodzi K3,400.

Tikaphatikiza K2,575 ndi K3,400 tipeza K5,975. Ndalama zimene ziripo ndi K5,600. Papelewera K375.

Onani cimene kope lacita. Banjali linali kugona osapeza tulo, poganiza kuti nkhongole zake ndi phiri. Tsopano liona kuti mpata umene watsala ndi K375 pa caka, ndiko kunena kuti pang'ono kupitirira K1 pa tsiku. Kwa ena a ife mpatawo udzakhala waukulu, mwina K2,000 kapena kuposa, ndipo udzafuna zaka ziwiri kuti utsekeke. Ngakhale ziri tero, ndi bwino kuudziwa ndi kuugawa pa zaka ziwiri koposa kuyenda mumdima.

Onaninso dongosolo la kugulitsa. Ndalama ya cimanga cogulitsidwa ku depoti sibwera tsiku lomwelo, ndipo pamene muyembekeza kaloba ali kubereka. Cotero banja lija ligulitse mbuzi ndi nshawa zina msanga, lilipire kaloba sabata lomwelo, ndipo ndalama ya cimanga ikadzafika ipite kugulu ndi kusitolo. Ngati mugulitsa kwa ogula oyendayenda, gulitsani pa sikelo imene mwaiona ndi maso anu, ndipo pitani awiri. Kusinthanitsa cimanga ndi mbale, zitenje kapena salaula kucepe m'caka cobweza nkhongole, pakuti pa kusinthana kotero mtengo weniweni wa cimanga canu suoneka.

Cacinai: pitani kwa mwini ndalama musanaitanidwe

Munthu wa nkhongole amasintha njira. Aleka kudzera pa sitolo, akhala kumbuyo m'chalichi, azimitsa foni. Koma akulu anati mlandu suola. Kuthawa kumaumitsa mtima wa mwini ndalama, ndipo nkhani imene ikanathera pakhonde imafika kwa anyakwawa kapena kukhoti.

Pitani inu mwini, ndi kope lanu, ndi mboni imodzi. Nenani zoona: zimene mwakolola, zimene muli nazo, ndi zimene mungathe kupereka pa mwezi. Pemphani zinthu ziwiri: kuti ciwongoladzanja ciime pamene cafika, ndi kuti zotsalazo zigawidwe m'magawo. Lonjezani zocepa zimene mudzakwanitsa, osati zambiri zimene mudzalephera. K50 yofika mwezi uli wonse imamanga cikhulupiriro koposa K500 yolonjezedwa pakamwa. Nthawi iri yonse mukapereka, zilembedwe m'kope, ndipo wolandira asaine kapena adinde cala.

Palibe cocititsa manyazi pamenepa. Ngakhale dziko lathu linacita zomwezo. Mu Novembala 2020 Zambia inalephera kulipira nkhongole zake zakunja pa nthawi yake. Boma silinabisale. Linakhala pansi ndi maiko amene analikongoza, ndipo mu Juni 2023 ku Paris anagwirizana kutalikitsa nthawi yobwezera nkhongole ya madola 6.3 biliyoni. Ngati dziko lonse litha kupempha nthawi, mlimi wa kwa Mwape atha kuipemphanso.

Cacisanu: tsekani timabowo tating'ono

Thumba la cimanga silitha cifukwa ca bowo lalikulu lokha. Kabowo ka mbewa kamalitha usiku ndi usiku. K5 pa tsiku ioneka ngati si kanthu, koma pa caka ndi K1,825, ndiko kuti matumba asanu a cimanga ndi zotsala pa mtengo wa 2025. K20 ya mowa pa sabata ndi K1,040 pa caka. Kuchova njuga pafoni, kumene kwakola acinyamata ambiri, kumadya koposa pamenepa, ndipo palibe banja limene lingaike ciyembekezo cake pa kupambana kwa mpira.

Sitinena kuti moyo ukhale wopanda cokoma ciri conse. Tinena kuti kwa mwezi umodzi mulembe ndalama iri yonse imene yaturuka m'nyumba, ngakhale K1 ya switi. Mwezi ukatha muwerenge pamodzi, ndipo mudzaona nokha pamene pali bowo. Abambo, musayambe ndi kudula saladi wa amai pamene inu simunadule zanu. Amene agwira ndalama zambiri ndiye ayambe.

Pali njira zina zimene amai athu amazidziwa kale, ndipo tiyenera kuzibwerera:

Futsani ndiwo pamene ziri zambiri. Ciwawa, masamba a nyemba, therere ndi bowa wodziwika bwino zikafutsidwa pa Malichi ndi Epulo zidzakupulumutsani pa Okutobala, pamene ndiwo za pamsika zakwera mtengo. Nsinjiro za nshawa zanu zilowe m'malo mwa saladi masiku ambiri a sabata.

Cepetsani kudalira nsima yokha. Kandolo, maungu, cinangwa ndi nthoci m'mawa zitalikitsa moyo wa nkhokwe. Ufa wa mgaiwa umacuruka koposa ufa woyera pa tini yomweyo, pakuti pokonola gawo la cimanga limapita ku gaga.

Sungani bwino zimene mwakolola. Cimanga ciume ndithu cisanalowe m'thumba, ndipo cithiridwe mankhwala monga mwa malangizo a alangizi, kapena ciikidwe m'matumba osalowa mpweya. Thumba limene adya anankafumbwe ndi nkhongole imene simunaisainire.

Gulani pamodzi. Kucokera kuno kucigwa kufika ku boma la Nyimba kapena ku Petauke ndi ulendo wodya ndalama, makamaka m'nyengo ya mvula pamene njira zabvuta. Mabanja asanu atume munthu mmodzi, agule mcere ndi sopo zambiri, adzagawane. Tumapaketi tating'ono tooneka tochipa ndito todula koposa mukaphatikiza pa mwezi.

Cacisanu ndi cimodzi: zimene sitiyenera kukhudza

Kudzimana kuli ndi malire. Pali zinthu zimene zikapita, banja silidzukanso. Musagulitse mbeu ya caka camawa. Musagulitse khasu, pulawo kapena ng'ombe yolimira. Musagulitse mbuzi yaikazi yotsiriza. Musapereke munda kapena dimba ngati cikole, ndipo nkhani iri yonse yokhudza malo ipite coyamba kwa anyakwawa ndi kwa abale. Musapereke citupa canu ca NRC kapena nambala yacinsinsi ya foni yanu kwa munthu wokukongozani. Musagulitse fataleza wa FISP kuti mupeze ndalama ya lero, pakuti mwagulitsa zokolola za mawa pa mtengo wa theka.

Musacotse mwana pasukulu. Kuyambira mu Januwale 2022 boma linacotsa malipiro a sukulu m'masukulu a boma kufika giredi 12, cotero cimene catsala ndi yunifomu, makope ndi zina zocepa. Kwa ana a m'mabanja osowa amene aphunzira m'masukulu ogonera komweko kuli thandizo la CDF, ndipo mungafunse kwa komiti ya citukuko ya m'wadi mwanu. Koposa zonse, mwana wamkazi si colipirira nkhongole. Kumkwatitsa akali wamng'ono kuti mulandire cimalo ndi kulakwira mwana, ndipo lamulo la dziko limaletsa ukwati wa mwana wosafika zaka 18.

Musacedwe kupita ndi wodwala kucipatala pofuna kusunga ndalama. Malungo a tsiku loyamba ndi ochipa koposa malungo a tsiku lacinai. Ndiponso nkhongole isakukankhireni kuchera misampha kuthengo. Munthu akagwidwa, banja litaya womlimira ndipo nkhongole iwirikiza.

Cacisanu ndi ciwiri: ndalama yolowa pang'onopang'ono

Bvuto la mlimi ndi lakuti ndalama imabwera kamodzi pa caka, pamene zofunika zimabwera tsiku ndi tsiku. Cotero banja liri lonse lifune kanthu kamodzi kolowetsa ndalama m'cilimwe. Amene muli pafupi ndi madzi limani dimba la repu, tomato ndi anyezi, ndipo mulichinge bwino. Ena ali ndi nthoci, zimene Nyimba imadziwika nazo pa mseu wa Great East. Ena aluka mphasa ndi madengu, ena aweta njuci, ena aweta nkhuku za kumudzi ndi kuzipatsa katemera wa citopa cilimwe cisanafike. Ndalama ya kanchito kameneka ndiyo igule mcere ndi sopo, kuti nkhokwe isatsegulidwe cifukwa ca K10.

Cenjerani ndi ganyu wa m'miyezi ya Disembala ndi Januwale. Tsiku limene mupalira munda wa mnzanu, munda wanu uli kumera udzu, ndipo mudzakolola zocepa, ndi kubwereranso ku ganyu caka camawa. Ngati ganyu sangapeweke, gawanani: wina apite, wina atsale m'munda wa pakhomo, kapena mulime wanu m'mawa ndi wa eni ake madzulo.

Maliro, maukwati ndi abale

Pano tifunika kuthandizana monga mpingo, pakuti banja limodzi silingasinthe mwambo lokha. Mutu umodzi susenza denga. Mabanja ambiri analowa m'nkhongole cifukwa ca maliro, osati cifukwa ca cilala. Kulira mnzathu ndi udindo wathu, koma ulemu wa womwalira suyesedwa ndi mtengo wa bokosi kapena kucuruka kwa mbuzi zophedwa. Mudzi uli wonse ungagwirizane kuti pa maliro nyumba iri yonse ibweretse meda ya ufa ndi nkhuni, kuti ofedwa asathamangire kwa wa kaloba ali ndi misozi m'maso. Ukwati ndi ciliza zitha kuyembekeza caka cimodzi. Kaloba sayembekeza.

Mbale akadza kudzapempha pamene inu muli m'nkhongole, musamnamize ndipo musakongole kuti mumpatse. Mpatseni cimene muli naco: mbale ya ufa, tsiku limodzi la kumthandiza m'munda. Ndipo inu ana athu a ku Lusaka, ku Chipata ndi ku migodi amene mutumiza ndalama kumudzi, funsani kuti muone kope. K200 yolunjika pa nkhongole yobereka ithandiza makolo anu koposa K200 yosauzidwa kopita.

Mau kwa amene tinakongoza anzathu

Pakati pathu pano pali amene anabwereketsa. Tikuthokozani, pakuti cimanga canu cinasunga miyoyo. Muli ndi ufulu wolandira zanu. Koma ganizirani bwino za phindu limene muikapo. Ngati munapereka tini imodzi pa Febuluwale ndipo mufuna matini atatu pa Meyi kwa munthu amene mumadya naye Mgonero, dzifunseni ngati mungakonde kuti zimenezi zilengezedwe pamaso pa mpingo. Mbale akabwera ndi kope lake ndi mboni, mlandireni. Imitsani ciwongoladzanja. Kwa amasiye ndi okalamba amene sangathe ndithu, ganizirani kukhululuka gawo lina.

Ndipo ife okongola tisanene kuti ndalama ya gulu kapena ya bungwe iribe mwini. Acikulire akumbukira Lima Bank, imene inali kukongoza alimi fataleza ndi mbeu, ndipo inatsekedwa m'zaka za m'ma 1990. Cimodzi mwa zifukwa zake cinali nkhongole zosabwezedwa, ndipo amene anabvutika pambuyo pake ndi alimi omwewo. Gulu losunga ndalama la m'mudzi mwanu liri cimodzimodzi: ndalama imene simunabweze ndi ya mai wina amene anagulitsa tomato kuti aisunge. Atsogoleri a magulu, musalole munthu kukongola kopitirira mphamvu zake, ndipo musakakamize mamembala kukongola pofuna kuti phindu la gulu likule.

Cilala cidzabweranso

Tinaona cilala mu 1992, mu 1995, mu 2016 ndi mu 2024. Sitidziwa caka, koma tidziwa kuti cidzabweranso. Cifukwa cake tsiku limene mudzalipira nkhongole yotsiriza musaleke kope. Ndalama imene munali kupereka kwa mwini nkhongole mwezi ndi mwezi muyambe kudzipatsa nokha, kugulu kapena pa cilimba ca anthu okhulupirika. Bwezerani mbuzi ndi nkhuku zimene munagulitsa. Patulani thumba limodzi kapena awiri amene sadzakhudzidwa kufikira cimanga catsopano citakhwima. M'munda musaike zonse pa cimanga: gawo lina likhale la mapira, nyemba, cinangwa ndi kandolo, zimene zipirira dzuwa. Kumbani maenje obzalamo m'cilimwe ndi kusiya mapesi m'munda, kuti mubzale ndi mvula yoyamba ndipo cinyezi cikhalitse.

Tsokonombwe anatha mtunda ndi kulumpha. Palibe wa ife adzamaliza zonsezi mwezi uno. Koma pali zinthu zitatu zimene ali yense atha kucita Sabata lamawa lisanafike. Coyamba, kupeza kope ndi kulemba nkhongole zonse pamodzi ndi mnzanu wa m'nyumba. Caciwiri, kuika cizindikiro pa nkhongole imene ibereka msanga koposa. Cacitatu, kupita kwa mwini wake ndi mboni kukapangana.

Akulu a mpingo ndi atumiki, poyendera nyumba za m'madera anu funsani mofatsa ngati kope layambika, ndipo zimene mwamva zithere m'makutu mwanu. Amai a Cigwirizano, pa msonkhano wanu wotsatira kambiranani mafunso awa: Kodi m'mudzi mwathu cimanga cimatha mwezi uti m'nyumba zambiri? Kodi ndi ndiwo ziti zimene tingafutse pamodzi caka cino? Kodi tingagwirizane ciani pa za maliro kuti ofedwa asakongole? Kodi pakati pathu ndani ali pafupi kutaya munda kapena mbuzi yotsiriza, ndipo tingamthandize bwanji mwezi uno?

 Ambuye akusungeni inu ndi a m'nyumba zanu.